Apongozi Kumbuyo, Ine Kutsogolo

Mpaka lero munthu akandiyamikira kuti, "ATembo, inu ndiye mkamwini waulemu," ndimangoluma mano. Ine ndine telala, ndimasoka pakhonde la sitolo ina ku Kapata mu Chipata, ndipo ndewu si mbali yanga. Koma ulemu umenewo ndinaona kumene unatifikitsa pa msewu wa ku Lusaka, ndipo ndikayamba kufotokoza mawu amakwera okha. Mundikhululukire.

Apongozi anga, aNambewe, amake mkazi wanga Esnati, ndi a ku Chipangali. Ndi mayi wa khasu, mtedza akhala akulima kuyambira ali mtsikana. Tsiku lina anawerama kuti asendeze thumba la mtedza, thumba losadzaza n'komwe, anangomva kuti thyo! kumsana, basi n'kukhala pansi pomwepo. Kumudziko anawathowa ndi madzi otentha, anawatema mphini, anawapempherera, milungu n'kumapita ululu osaleka. Potsiriza tinakawatenga n'kubwera nawo ku Chipata.

Dokotala atajambula msanawo anati mafupa a amayi afumbwa m'kati ngati chimanga cha m'nkhokwe, monga zimachitikira amayi ambiri akakula, ndiye fupa limodzi la msana laphwanyika n'kutitimira. Anayamba wawapatsa lamba wolimba ndi mankhwala, akuti ambiri amachira ndi zomwezo. Mwezi unatha, ululu uli pomwepo. Ndipamene anatiitana ine ndi Esnati.

"Chatsala n'chakuti apite ku Lusaka kwa madokotala a misana," anatero. "Kumeneko amalowetsa singano m'fupa lophwanyikalo n'kuthiramo simenti."

"Simenti yomangira nyumba?" anafunsa Esnati, maso ali tuzu.

"Ayi mayi, simenti ya mafupa. Imauma m'katimo, fupa n'kulimba. Sang'amba n'komwe, ndipo ambiri mawa lake amadzuka n'kuyenda. Njira ina ndi yong'amba msana n'kuumanga ndi zitsulo, koma imeneyo sitiifuna pa mafupa ofewa chonchi, chifukwa zitsulo zimasowa pogwira. Amaichita fupa likapana mtsempha wa miyendo."

Kenako anatembenukira kwa ine. "Tamverani aTembo. Panjira agone, asakhale tsonga. Muziwafunsa pafupipafupi ngati miyendo akuimva, ndiponso ngati akutaya madzi bwinobwino. Miyendo ikachita dzanzi, kapena madzi akamatuluka okha, musapitirire ndi basi. Tsikani pa chipatala chilichonse chapafupi. Zikafika pamenepo mukachedwa, mayiwa sadzayendanso."

Ndinati chabwino adokotala, koma mumtima ndinali kudzifunsa. Ine ndiwafunse apongozi anga za kutaya madzi? Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anizana, sadyera pamodzi, sakhalira mpando umodzi. Chikwatirire Esnati sindinalankhulepo nawo maso ndi maso. Mawu athu amadzera mwa munthu wina, ndipo pakasowa wodzeramo umalankhula ukuyang'ana khoma.

Nanga bwanji wowaperekeza ndinali ine? Funso limenelo ndimadzifunsanso ndekha. Esnati ndiye mwana wamkazi yekhayo, ndipo anali atangochira kumene, kuchira kwa mpeni, bala lisanapole. Alamu anga awiri, wa ku Kitwe foni inafa tsiku lomwe anamva za ulendo, winayo akuti mkazi wake akudwala mutu. Mutu! Panatsala aGeresomu, mlongo wawo wa apongoziwo, mwini mbumba weniweni. Iwo anati sangachoke chifukwa kumudzi akulemba maina a feteleza. Mlongo wawo msana wathyoka, iwo maso ali pa feteleza.

Koma nthawi yobwera kudzalamula anaipeza. Tsiku la ulendo m'mamawa tinawapeza atafika kale pa siteshoni, jekete lili pathupi, Okutobala yense uja. Ine ndinali nditalipira mipando yonse ya kumbuyo kuti apongozi agone chotambalala, ndipo wanga unali patsogolo pawo pomwepo. Amayi awiri a kutchalitchi kwathu anawakweza pang'onopang'ono, akuyenda ndi miyendo yawo, ndikubwereza, akuyenda ndi miyendo yawo. Anawagoneka, nawatsamiritsa pilo. Ine nditati ndikhale pamalo panga, aGeresomu anandigwira mkono.

"Iyayi, aTembo. Mukhala pati?"

"Apa malume, kuti ndiziwaona."

"Muziwaona? Apongozi anu atagona, inu muziwaona? Nanga chitenje chikasendera? Kwanu anakulerani choncho?"

Ndinawafotokozera zonse zimene ananena dokotala. Anamvetsera akugwedeza mwendo, n'kundiyankha kuti dokotala ndi wa kuchipatala, mbumba ndi yawo. Anaitana kondakitala, namuuza kuti andisinthire mpando, andiike kutsogolo kwenikweni kumbuyo kwa dalaivala. Anthu m'basimo anayamba kung'ung'udza movomereza, mayi wina mpaka anati, "Eee, ndi mwambo umenewo." Apongozi nawonso anauza mmodzi wa amayi a kutchalitchi aja kuti andiuze ndimvere achimwene awo. Ndikanatani? Mkamwini sakweza mawu pamaso pa mwini mbumba, makamaka pagulu. Ndinanyamula kachikwama kanga n'kupita kutsogolo, mtima ukuwawa.

Basi imene amati inyamuka mbandakucha inanyamuka dzuwa litakwera. Injini ankangoiliza kuti tiziti tikupita, dalaivala n'kutsika kukamwa tiyi. Anakweza matumba a mtedza, zidebe, njinga, mabatire, mpaka kanjira ka pakati kanatsekeka. M'busa wina anakwera natipempherera kuti tifike bwino, nayendetsa chipewa, natsika. Tikutuluka mu Chipata n'kuti thukuta lili kamukamu.

Dalaivala wathu anali pa mpikisano ndi basi ina yolimbirana nayo anthu a panjira. Kuchokera pa Mtenguleni anaiponda ngati kumbuyo kukubwera moto. Tsono pa Katete pali mahampu aja. Munthu wanzeru amafika pamenepo n'kuchepetsa. Uyu ayi. Loyamba gu! lachiwiri gu! Ine amene ndinali kutsogolo mutu unakagunda chitsulo cha katundu, nanga amene anali pamwamba pa matayala a kumbuyo?

"Adalaivala, muli ndi wodwala msana kumbuyoko!" ndinakuwa.

"Mdala, mukufuna tifike mawa?" anayankha osacheuka n'komwe.

Basi itaima pa Katete ndinayesa kupita kumbuyo, koma podutsa panalibe, pokhapokha uponde matumba ndi miyendo ya anthu. Ndinaimirira n'kufuula ndikuyang'ana denga, "Amayi, muli bwanji kumeneko?" Funso langa linayenda mpando ndi mpando ngati mbale ya chopereka, yankho n'kubwereranso momwemo. Mnyamata wa chipewa amene anali kumbuyo kwanga ndiye anandipatsira. "Akuti ali bwino, zikomo." Ndinakhala pansi. Pa Sinda anakwezanso anthu ena, ine n'kumadabwa kuti akuwaika pati.

Yankho ndinalipeza pa Petauke. Basi itaima ndinatsika n'kuzungulira kunja, ndinakwera pa tayala la kumbuyo n'kusuzumira pazenera. Abale inu! Apongozi ali tsonga pakona, atapanikizika kukhoma la basi, chidebe cha munthu chili pamiyendo pawo. Pamipando ndinalipira ine pakhala anthu anayi, wina akudya chinangwa. Ndinachita chidima. Ndinakamugwira kondakitala malaya ali pakati powerenga matikiti.

"Iwe, mipando ija ndinagula kuti agonepo wodwala. Anthu aja wawaikapo ndani?"

"Mdala, musandikoke malaya. Amayi anu adzuka okha, ine sindinawadzutse."

Ndipo chopweteka n'chakuti sananame. Iye anangokweza anthu pa Katete n'kuwakankhira kumbuyo, akudziwa bwino chimene chichitike. Pakati pawo panali mkulu wina wa imvi. Mayi wa ku Chipangali angagone chotambalala bambo wachikulire ataimirira pamutu pake? Anadzikoka, nakhala tsonga, nati khalani bambo. Mpando umodzi kuugulitsa kawiri, podalira manyazi a nkhalamba yodwala! Ndinamulalatira mnyamata ameneyo mawu amene sindingawabwereze pano, mpaka ogulitsa mazira anasiya malonda kudzaonerera.

Pafupi ndi apongozi panakhala mayi wina wonenepa, wamaso akuthwa, amene anakwerera pa Sinda ndi matumba ake a mtedza wokagulitsa ku Lusaka. Anati dzina lake ndi amake Tiza. Iyeyo ndiye anatulutsa mutu pazenera.

"Bambo, akuti musakangane ndi anthu chifukwa cha iwo."

"Auzeni agone, mayi. Anthuwa achokapo."

Awiri anachokadi, nakakhala pa zidebe akung'ung'udza. Chidebe chija anachichotsa. Koma apongozi osasuntha. Amake Tiza anawerama, namvetsera, nabwerera pazenera. "Akuti pomwe alipa pali bwino, kugona kukuwatopetsa."

"Tawafunsani ngati miyendo akuimva."

Anawafunsa. Apongozi anaponya diso pazenera, naona chipumi changa, nabweza nkhope msanga. "Akuti zonse zili bwino."

Linatsala funso lina lija. Ndinatsegula pakamwa, ndinaona azibambo atatchera makutu, ndinaona apongozi atazolika, lilime linakana. Ndinangoti, "Muwafunsenso ngati akufuna kutsika pang'ono." Akuti ayi. Hutala inalira, ine n'kuthamangira kumpando wanga waulemu uja.

Pa Nyimba ndi pamene basi imaima nthawi yaitali. Anthu onse anakhamukira kuzimbudzi, ena kukagula nthochi, poti nthochi za pa Nyimba munthu sadutsa osagula. Basi yonse inatsala mbee, kupatula apongozi pakona pawo paja. Ndinagula madzi ozizira ndi phava la nthochi n'kupatsira amake Tiza. Anabwera kudzandiuza kuti athokoza kwambiri, adya nthawi ina. Madziwo sanawalawe. Ine ndinaganiza kuti akuopa kumwa kuti angafune kutsika panjira n'kusowa womuuza. Zinandipweteka, koma ndinati tikafika adzamwa. Kutentha kwake tsiku limenelo, ngakhale ntchentche zinali kubisala pansi pa basi.

Titapitirira Kacholola tinalowa m'mapiri muja msewu umakhotakhota. Basi inayamba kulira mwachilendo, kenako kununkha ngati mphira wopserera. Pa chitunda china inangoti tswii, utsi tolo, n'kuima. Kondakitala analumpha kukaika miyala kumatayala. Dalaivala analamula kuti aliyense atsike chifukwa galimoto yaima potsetsereka, ingabwerere chambuyo. Anthu anatsika akutukwana, kulumpha matumba, ana akulira. Ine ndinaima pakhomo kudikira kuti ndione apongozi atsika bwanji. Anatsika onse. Womaliza anali amake Tiza, yekha, nkhope itasintha.

"Bambo, tabwerani kuno." Ananditengera kuseri kwa basi. "Amayi aja ndi ndani wanu?"

"Apongozi anga."

"Ndiye chake." Anapukusa mutu. "Miyendo yafa, bambo. Ndayesa kuwaimiritsa, palibe. Ndawatsina pa ntchafu, sakumva. Ndipo pampando ponse panyowa, chitenje chonse. Akhala akubisa ndi pilo uja."

"Kuyambira liti?"

"Akuti pa mahampu a pa Katete anamva ngati moto watsikira m'miyendo. Pamene amadzuka kupatsa malo mkulu uja, ndiye inangoti zii."

Pa Katete! Pa Katete pomwe chipatala cha mishoni chili pafupi ndi msewu, choti tikanatsika n'kufikapo nthawi yomweyo! Tadutsa Sinda, tadutsa Petauke, tadutsa Nyimba, munthu atakhala pa fupa lothyoka likupana mtsempha, ine ndili kutsogolo kuyang'ana khosi la dalaivala.

"Nanga bwanji sananene? Si ndinafunsa ine?"

"Akanauza ndani, bambo? Inuyo? Basi yonse ikumva? Ine andiuza pano chifukwa ndaona ndekha. Ndipo andipempha kuti ndisakuuzeni zonyowazo."

Foni pamenepo sinkagwira. Ndinakwera kaphiri ka m'mbali mwa msewu, minga ikundikola thalauzi, mpaka pamwamba pomwe anyamata ena anali ataimika mafoni m'mwamba. Esnati sindinamuimbire, ndinaopa bala lake. Ndinaimbira aGeresomu, poti mbumba ndi yawo. Ndinawauza zonse, osabisa kanthu, n'kunena kuti ndikukawanyamula ndiwatulutse.

"Musawakhudze!" anakuwa. "Funani azimayi."

"Malume, afunika kutuluka chigonere, msana osapindika, kudutsa pamwamba pa mipando. Azimayi okha sangathe."

"Ndiye funani azibambo ena, osati inu. Mukawagwira ali choncho mwalaula mbumba yanga. Mudzalipira mbuzi, aTembo, ndikukuuzani."

Mlongo wawo miyendo yafa pakati pa thengo, iwo akuwerengera mbuzi! Zinandikwana. "Mbuziyo mudzailandira ndi chingwe chake chomwe," ndinatero, n'kudula foni. Chibadwire ndinali ndisanadulepo foni ya munthu wamkulu.

Pansi ndinapeza anthu atagawana kale nkhani yathu. Wina akuti awathire madzi ozizira m'miyendo, wina akuti awakoke manja ndi miyendo msana uwongoke, wina akuti kwawo kuli munthu amene amaponda misana ndi chidendene. Ndinawauza kuti aliyense wowakoka ayambe wakoka ine. Mwayi wake panali mmisiri wina wa matabwa amene anakwerera pa Nyimba ndi zitseko za mlombwa zokagulitsa. Sanalankhule zambiri. Anakatulutsa chitseko chimodzi m'chipinda cha katundu, nachipukuta ndi malaya ake, nati tiyeni.

Tinatulutsa matumba onse a m'kanjira. Kondakitala anayamba zoti katundu wa anthu asokonekera, koma amake Tiza anangomuyang'ana kamodzi, iye n'kuyamba kunyamula nawo. Tinalowetsa chitseko pamwamba pa mipando mpaka kumbuyo. Ndinafika pamaso pa apongozi, pafupi moti ndikanatha kuwerenga imvi zawo. Fungo linalipo, sindinama. Iwo anatembenuzira nkhope kuzenera, nalankhula ndi amake Tiza ngati ine ndili kutsidya la mtsinje.

"Auzeni akamwini asandigwire. Ndadziipitsa."

Amake Tiza anatsegula pakamwa kuti andipatsire mawuwo. Ndinamuletsa ndi dzanja.

"Amayi," ndinatero ndikuwayang'ana, koyamba m'moyo wanga, "ndamva ndekha. Ndikugwirani."

Anakoka mpango wa kumutu n'kuphimba nkhope yonse. Ine ndinagwira mapewa ndi mutu, amake Tiza m'chiuno, mmisiri uja miyendo, tinawagoneka pang'onopang'ono pa chitseko n'kuwamanga ndi zitenje ziwiri. Anali opepuka ngati mtolo wa mapesi. Pansi pa mpangowo ndinkamva akulira mosatulutsa mawu, ndipo ndikudziwa kuti sunali msana umene unkawaliza.

Tinawaika pamthunzi wa kamtengo kopanda masamba enieni, n'kuyamba kuimitsa magalimoto. Apa ndiye ndinawaona anthu a pa msewu. Magalimoto akuluakulu oziziritsa m'kati, kumbuyo kopanda kanthu, munthu mmodzi yekha ali phee pa chiwongolero, ankachepetsa liwiro, n'kuyang'ana nkhalamba ili pa chitseko, n'kuponda mafuta. Wina anatsitsa galasi n'kutijambula ndi foni. Kutijambula! Ndinatola mwala, amake Tiza n'kundigwira dzanja. Dalaivala wathu nthawi yonseyo anali pansi pa basi, miyendo yokha ikuoneka, akuuza anthu kuti chitsulo chothyokacho chichokera ku Lusaka ndi basi ya mawa. Dzuwa linapendeka tili pomwepo. Ine n'kumangoyang'ana zala za kumapazi kwa apongozi, kuti mwina chimodzi chigwedezeka.

Imene inaima inali kanta yakutha, lole yaing'ono ya katundu, yobwerera ku Lusaka itatsitsa katundu ku Petauke. Dalaivala wake, mkulu wa ndevu zoyera, anatsika, nayang'ana, nangoti, "Kwezani." Za mtengo sanafunse. Mmisiri anati chitseko tipite nacho, tidzam'peza. Amake Tiza anayang'ana matumba ake a mtedza ali mbwee m'mbali mwa msewu, nayang'ana apongozi, naitana kondakitala.

"Iwe, matumba awa ndikawapeze ku Lusaka onse. Likasowa limodzi udzandidziwa." Nakwera nafe.

Kumbuyo kwa kanta kulibe mpando wa kutsogolo kapena wa kumbuyo. Ndinakhala pansi n'kuponda chitseko ndi mapazi onse awiri kuti chisaseseleke m'makhota, amake Tiza atagwira mbali inayo, atatambasula chitenje kutchinga dzuwa. Mkuluyo anayendetsa ngati wanyamula mazira. Pa mlatho wa Luangwa asilikali anasuzumira, naona, natikodola kuti pitani msanga. Amayi ogulitsa nsomba zouma anathamangira galimoto ndi malichero awo, koma ataona chimene tanyamula anabwerera okha. Kukwera mapiri a kutsidyako kanta inkalira ngati ikufa, ine n'kumaipempherera. Panjira amake Tiza anakwanitsa kuwamwetsa madzi pang'ono, atandiuza kaye kuti ndiyang'ane kumbali.

Tisanafike pa Rufunsa tinakhotera pa chipatala china chaching'ono. Kumeneko sanachedwe nafe. Anawabaya jekeseni, anawaika kapaipi ka madzi, nesi n'kundifunsa kuti bwanji mwachedwa chonchi. Anatipatsa ambulansi, ndipo Chongwe ndinangomuona pazenera. Tinalowa mu Lusaka usiku, nyali za m'misewu zitayaka kale.

M'mawa mwake, atawajambulanso ndi makina aakulu, dokotala wa misana anatiitana. Anali mayi wachitsikana, wolankhula Chinyanja cha mu Lusaka chosakaniza. Anationetsa pa chithunzi pamene kachidutswa ka fupa kanasendera m'kati n'kukanikiza mtsempha.

"Za simenti ija muiwale," anatero. "Akanafika miyendo ikugwira, inali ntchito ya singano chabe. Tsopano tifunika kung'amba, tichotse chimene chikupana mtsempha, timange zitsulo pamwamba ndi pansi pa fupalo. Mafupa awo ndi ofewa, ndiye zitsulozo tizazika ndi simenti kuti zisazuke. Ndi opareshoni yaikulu kwa munthu wa msinkhu wawo, ndipo sindikulonjeza kuti miyendo ibwerera. Mtsempha wapanidwa nthawi yaitali. Tikapanda kung'amba, ndiye agona chigonere."

Anafunsa apongozi ngati avomera. Iwo anauza amake Tiza, amene anali atagona pa benchi usiku wonse osapita kukaona mtedza wake, kuti afunsidwe kaye achimwene. Ndinaimba. AGeresomu anati nkhani ya mpeni ndi yaikulu, tidikire Lamulungu mbumba ikumane. Tsiku limenelo linali Lachitatu. Dokotala anamva yekha pa foni, natenga mpando, nakhala pafupi ndi bedi.

"Amayi, msana ndi wanu, si wa achimwene anu. Lamulungu kudzakhala kulibenso chopulumutsa. Mukuti bwanji inuyo?"

Apongozi anatulutsa chala chachikulu pansi pa bulangeti, nadinda. Anawalowetsa masana omwewo. Amake Tiza anatsanzika atawaona akulowa, ndipo sindinamuonenso mayi ameneyo.

Opareshoni anatuluka amoyo. Ine ndinakhala mu Lusaka milungu ingapo, kugona kwa mnzanga wina wa ku Kapata amene amasoka mumsika, m'mawa uliwonse n'kumapita ku chipatala ndi phala. Mwendo wamanja unayamba kugwedeza zala, kenako bondo. Wamanzere ayi ndithu. Dokotala anandiitanira pakhonde n'kundiuza kuti ndisayembekezere zambiri, mwendo umenewo mwina wapita. Mayi amene anakwera basi ndi miyendo yake pa Chipata adzabwerera kwawo wonyamulidwa, khasu sadzaligwiranso. Anawauzanso eni akewo, ine ndili pomwepo.

Madzulo a tsiku limenelo ndinaima kumapazi kwa bedi, ndikuganiza kuti tsopano alankhula. Anene za dalaivala, za kondakitala, za achimwene awo, ngakhale za ine amene ndinakhala kutsogolo. Ndinkafuna akalipe, abale, akalipe ndithu kuti ndipeze wokalipa naye. Iwo anatembenuzira nkhope kwa mayi wa pa bedi loyandikana nalo, mayi wa ku Mongu wothyoka chiuno amene Chinyanja ankachimva movutikira, nayamba kumunong'oneza. Mayiyo anamvetsera, nawabwerezetsa kawiri, kenako anandiyang'ana modabwa.

"Akuti muwakhululukire, bambo. Akuti anakuchititsani manyazi pamaso pa anthu tsiku lija pa msewu, ndipo akafika kumudzi adzakutumizirani nkhuku."

Ndinadikira kuti mwina pali mawu ena. Panalibe. Za mwendo sanatchule n'komwe.